Nsikidzi Sizigonja kwa Munthu Mmodzi

Nkhani yophunzitsa yokambidwa kwa anthu a ku Nangongwe, m'tauni ya Kafue

 Mwapatula nthawi, ena mwatseka kantemba, ena mwasiyira mnzanu nsomba pa msika, kudzamva nkhani imene ambiri safuna kuitchula pagulu.

Tikadwala malungo timauza aneba. Mwana akatsegula m'mimba, mdadada wonse umadziwa, ndipo sipasowa wobwera ndi madzi a mchere ndi shuga. Koma nsikidzi zikalowa m'nyumba, pakamwa pamatsekeka. Mayi amayanika matiresi kuseri kwa nyumba kuti odutsa asaone. Wa lendi sauza alandilodi poopa kuthamangitsidwa, nawonso alandilodi sauza wa lendi watsopano poopa kuti chipinda chikhala chopanda munthu. Aliyense amalimbana nazo payekha, usiku, mwamanyazi, ndi botolo la mankhwala amene sakuwadziwa.

Mfundo yanga lero ndi imodzi. Nsikidzi zimatha anthu akazidziwa bwino, akagwira ntchito yobwerezabwereza kwa masabata angapo, ndipo akaigwira pamodzi ndi onse amene akugawana nawo khoma ndi denga. Njira ya tsiku limodzi kulibe, ndipo kuifunafuna n'kumene kwapha anthu m'malo mwa nsikidzi.

Tizidziwe kaye

Nsikidzi yaikulu imatalika mamilimita 5 mpaka 7. Ndi yaphwatalala, yofiirira, ngati kanjere ka chivwende, ndipo ikakhuta imafufuma n'kudera. Ilibe mapiko ouluka nawo ndipo sidumpha. Imangoyenda, koma ndi liwiro lokwanira kuchoka pa khoma, kufika pa munthu wogona, n'kubwerera kunja kusanache. Mitundu imene imaluma anthu kwambiri ilipo iwiri. Akatswiri amatchula wina kuti Cimex lectularius, wofala m'maiko ozizira, ndi wina Cimex hemipterus, wokonda maiko otentha ngati athu ano. Kwa ife kuno kusiyana kwake n'kochepa, pakuti kalumidwe ndi kabisalidwe n'chimodzimodzi.

Chakudya chake ndi magazi basi. Sidya nyenyeswa za nsima, sifuna zinyalala, ilibe nazo ntchito mbale zosatsuka. Imalondola mpweya umene timatulutsa popuma ndi kufunda kwa thupi lathu. Ikafika imaboola khungu, n'kuthira malovu oletsa magazi kuundana, n'kuyamwa kwa mphindi 5 mpaka 10. Pa nthawiyo munthu samva kanthu. Kuyabwa kumadza pambuyo, thupi likayamba kulimbana ndi malovu aja, nsikidziyo itabwerera kale kobisala.

Apa pakutuluka choonadi chimene ndikufuna chitichotsere manyazi: nsikidzi si umboni wa uve. Kolera imene inavuta dziko lino la Zambia mu 2023 ndi 2024 imayenda ndi madzi oipa ndi zimbudzi zosasamalika. Nsikidzi zimayenda ndi munthu, wosamba ndi wosasamba yemwe. Mu 2023 mzinda wa Paris unatekeseka nazo pamene unkakonzekera masewera a Olympics a 2024, ndipo bungwe la boma la France loona za umoyo linalengeza kuti pakati pa 2017 ndi 2022 nyumba 11 mwa 100 zilizonse m'dzikomo zinalowedwapo ndi nsikidzi. Mu 2025 anthu a m'nyumba zosanjikizana za ku Mbare, mumzinda wa Harare, anasowa nazo tulo mpaka akuluakulu a mzinda anatumiza opopera. Ku Egypt, pa malo otchedwa Amarna, ofukula za makedzana anapeza nsikidzi za zaka zoposa 3,300 m'mudzi wa anthu antchito. Mdani ameneyu ndi wakalekale ndipo sasankha wolemera kapena wosauka. Kusiyana kumene kulipo n'kwakuti wolemera amaitana katswiri mawa lake, pamene ife ogona asanu m'chipinda chimodzi timachedwa, ndipo zimapeza magazi ambiri ndi mobisala mochuluka.

Tsopano tcherani khutu pa nkhani ya dzira, chifukwa zonse zimene ndinene kutsogoloku zatsamira pamenepa. Nsikidzi yaikazi yokhuta imaikira mazira angapo tsiku lililonse, ndipo m'moyo wake imatha kuikira mazana. Dzira lake ndi loyera, lotalika milimita imodzi, ndipo limamatidwa ndi ulimbo wake mkati mwa mng'alu kapena mumsoko wa nsalu, moti kukutumula kapena kusesa sikulichotsa. Limaswa pakapita masiku 6 mpaka 10. Kamwana kotulukamo ndi kotuwa, kovuta kukaona kasanayamwe. Kamafundula kasanu kasanakule, ndipo kasanafundule ulendo uliwonse kamayenera kuyamba kayamwa magazi. Kukatentha, monga kuno mu Okutobala, ulendo wochoka pa dzira kufika pa nsikidzi yoikiranso mazira umatenga masabata asanu okha.

Mankhwala ambiri opopera sapha mazira. Mukapopera Loweruka, zikuluzikulu zina zimafa, mumagona bwino mausiku angapo, n'kuyamika wogulitsa uja. Sabata yachiwiri mazira amaswa, ndipo mumati nsikidzi zabwerera. Sizinabwerere, pakuti sizinachoke. Chinanso, nsikidzi imapirira njala kwa miyezi yambiri. Kutseka chipinda kwa masabata awiri n'kukagona pabalaza sikuzipha. Zina zimangodikira, zina zimakulondolani komweko, ndipo zipinda zogwidwa zimakhala ziwiri.

Njira zimene zimadzera

Tauni yathu ndi ya apaulendo. Njanji inawoloka mtsinje wa Kafue mu 1906. Mafakitale a Nitrogen Chemicals of Zambia ndi Kafue Textiles atatsegulidwa, anthu anabwera kuchokera kum'mawa, kumwera, kumpoto ndi kumadzulo, ndipo makomboni athu anakula. Lero msewu waukulu umadutsa pakati pathu ndi mabasi a ku Livingstone ndi mathiraki a ku Chirundu. Ambiri mwa inu mumalawirira ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 45, n'kubwerako madzulo. Ogula nsomba amagona masiku ku Chanyanya ndi m'misasa ya asodzi. Ana amabwera ku holide ndi mabokosi ndi matiresi a kusukulu zogonera komweko. Timagona m'maliro, timadikirira odwala, timalandira alendo, ndipo tiyenera kupitiriza kutero chifukwa ndiwo umunthu wathu. Chofunika n'kudziwa kuti nsikidzi imakwera m'chikwama, m'bulangete, mumsoko wa jekete, ndipo yaikazi imodzi yokhala ndi mazira ndi yokwanira kuyambitsa mudzi.

Njira yachiwiri ndi katundu wogwiritsidwapo kale ntchito: bedi lotchipa, sofa yopatsidwa ndi wachibale amene akusamuka, matiresi otoledwa kudzala, zovala za salaula, kaya mwagula ku msika wa Soweto ku Lusaka kapena pa msika wathu pompano. Sindikunena kuti tileke kugula salaula, pakuti ndiye amativeka. Ndikunena kuti chovala chisalowe m'chipinda chogona chisanaone madzi otentha kapena simbi.

Njira yachitatu ndi imene timaiiwala, ndiyo khoma. Nyumba zambiri za lendi zili ndi zitseko zinayi kapena zisanu ndi chimodzi pansi pa denga limodzi, ndipo makoma ogawa zipinda safika kumalata. Nsikidzi zimadutsa pamwamba pa khoma, pa mitengo ya denga, m'mabowo a waya wa magetsi, ndi m'ming'alu. Kwa ife ndi nyumba za mabanja asanu. Kwa nsikidzi ndi nyumba imodzi.

Mudziwa bwanji kuti zafika

Musadalire kulumidwa kokha. Anthu ena khungu lawo silitupa ngakhale alumidwe usiku wonse, n'chifukwa chake m'banja mumabuka mkangano, mayi akudandaula, bambo akuti palibe kanthu. Kwa amene amatupa, totupa timaoneka pamalo osafunda monga m'manja, m'khosi, kumsana ndi m'miyendo, kawirikawiri tondondozana kapena tounjikana. Koma udzudzu, nthata ndi utitiri nazonso zimasiya totupa. Ngati kuyabwa kuli pakati pa zala, pamfundo za manja ndi m'chiuno, ndipo kukufalikira m'banja lonse, mwina ndi mphere, imene imafuna mankhwala a kuchipatala.

Umboni weniweni uli pabedi. Tengani tochi ya pafoni ndi kakhadi kolimba kapena mpeni wobuntha. Yang'anani misoko ya matiresi, pansi pa kansalu ka dzina la kampani, molumikizira matabwa a bedi, m'mabowo a misomali, m'makona a pamwamba a neti, pakati pa bango la mphasa, kuseri kwa kalendala ndi zithunzi, m'mapindiro a makatani, pansi pa sofa. Mukufuna zinthu zinayi: timadontho takuda tonga ta inki, tomwe ndi zitosi zake, makoko otuwa amene zafundula, timazira toyera, ndi nsikidzi zenizenizo. Zikachuluka m'chipinda mumamveka kafungo kake kamene aliyense amene anaphwanyapo imodzi amakadziwa. Zambiri zimakhala pafupi ndi pogona munthu, choncho yambirani pamenepo.

Kodi zimapereka matenda? Akatswiri afufuza kwa zaka zambiri, ndipo sanapeze umboni wakuti nsikidzi zimafalitsa HIV, malungo kapena matenda a chiwindi kwa anthu. Mtima ukhale pansi pa zimenezo. Koma kuipa kwake si kochepa. Mwana wokanda ndi zikhadabo amadzitsegula zilonda zimene zimatukusira. M'nyumba zogwidwa kwambiri, makanda ndi okalamba amatha kuchepa magazi. Wophunzira amasinza m'kalasi, dalaivala amasinza pa chiwongolero, mayi amadzuka pakati pa usiku kuunika ana mpaka mutu kuzungulira. Kusowa tulo kwa miyezi kumadwalitsa maganizo, ndipo manyazi amachititsa munthu kuleka kulandira alendo ndi kuyendera abale. Totupa tisambitseni ndi sopo, wengani zikhadabo za ana, ndipo chilonda chikachita mafinya pitani ku kiliniki ya Nangongwe.

Chifukwa chake mankhwala akulephera

Agogo athu ena amakumbukira nthawi imene kupopera kamodzi kunkathetsa nsikidzi kwa chaka. M'zaka za m'ma 1940 mankhwala a DDT anazichepetsa kwambiri m'maiko ambiri. Koma pofika 1947, ku Hawaii kunapezeka kale nsikidzi zosamva DDT. Zimachitika motere: mwa nsikidzi chikwi, zochepa zimabadwa ndi khungu lochindikala, kapena thupi lotha kusungunula poizoni, kapena mitsempha imene poizoniyo saigwira. Mukapopera, zofooka zimafa, zolimba zija zimatsala ndi chipinda chonse, n'kubereka ana otengera makolo. Mukabwereza mankhwala omwewo, makamaka osungunulidwa ndi madzi ambiri pofuna kuti akwanire, ndiye kuti mukuzisankhira mbewu. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 nsikidzi zinabukanso pa dziko lonse, ndipo zambiri sizimva mankhwala a gulu la pyrethroid, amene ali m'zitini zambiri zopopera za m'sitolo. Fungo la mankhwalawa limazibalalitsa, zimathawira mkati mwa khoma ndi kwa aneba.

Izi zikutifikitsa pa dandaulo limene ndalimva kawirikawiri: "Opopera udzudzu ndiwo amabweretsa nsikidzi," kapena "Neti ndiyo imabala nsikidzi." Amene amanena zimenezi sakunama pa zimene anaona, koma chifukwa chake ndi china. Mankhwala ena opopera makoma amazinyansa nsikidzi zimene zinali kale m'ming'alu, ndipo zimatuluka n'kumayenda poyera osafa. Neti nayo ili pafupi ndi munthu wogona ndipo ili ndi misoko, choncho nsikidzi zosamva mankhwala ake zimabisalamo. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2002 anapeza zotere m'midzi ya ku Tanzania imene inagwiritsa ntchito maneti a mankhwala kwa zaka zingapo. M'pampu ya wopopera mulibe mazira, ndipo neti yatsopano siibala kanthu.

Ndikupemphani ndi mtima wonse: musatsekere opopera chitseko, ndipo musataye neti. Kupopera makoma kunayambiranso m'dziko lino mu 2000 ku Chingola ndi Chililabombwe, boma n'kukufalitsa m'maboma ena kuyambira 2003, chifukwa malungo amapha. Ife tili m'mbali mwa mtsinje ndi madambo ake, kumene udzudzu susowa. Nsikidzi imalanda mwana tulo. Udzudzu wa malungo ungalande mwanayo moyo m'masiku ochepa.

Poizoni amene sayenera kulowa m'chipinda chogona

Munthu akatopa amafuna chinthu champhamvu, ndipo sasowa womuuza kuti, "Tengani aka, n'koopsa." Apa ndi pamene pali imfa. Pali mapiritsi otuwa ofukizira chimanga m'nkhokwe zazikulu, opangidwa ndi aluminium phosphide. Akakumana ndi chinyezi cha mumpweya amatulutsa mpweya wa phosphine, umene umapha munthu ndipo ulibe mankhwala ouchotsa m'thupi. Mu Febuluwale 2015, ku Fort McMurray m'dziko la Canada, ana awiri a banja limodzi anamwalira mapiritsi otere ataikidwa m'nyumba pofuna kupha nsikidzi. Mu Disembala 2021, ku London, mtsikana wa zaka 11 anamwalira ndi mpweya wochokera m'nyumba ya aneba amene anachita chimodzimodzi. Kumeneko makoma amafika kudenga. Taganizani za nyumba zathu zopanda siling'i.

Chimodzimodzi mankhwala a kudimba ndi a thonje, dibi ya ng'ombe, ndi timabotolo topanda dzina togulitsidwa m'mbali mwa msewu. Sanapangidwire matiresi. Amalowa pakhungu ndi popuma, ndipo khanda logona pansalu yonyowetsedwa nawo limawamwa usiku wonse. Parafini, petulo ndi dizilo zimapha nsikidzi yokhayo imene zaikhudza, koma zimadikira kandulo kapena mbaula kuti zitenthe nyumba, makamaka masiku a kuzimazima kwa magetsi.

Wina akayamba kutuluka dovu ndi thukuta lambiri, kusanza, kutsegula m'mimba, kunjenjemera kapena kubanika m'nyumba mutapoperedwa, mutulutseni panja, muvuleni zovala zokhudzidwa, musambitseni ndi sopo, ndipo thamangirani naye ku kiliniki kapena ku Kafue General Hospital mutanyamula botololo. Musamusanzitse, ndipo musataye nthawi ndi mkaka, pakuti mkaka suchotsa poizoni.

Mankhwala ali ndi malo ake, koma akhale olembedwa kuti ndi a tizilombo ta m'nyumba, ogwiritsidwa ntchito monga mwalembedwera, m'ming'alu ndi molumikizira matabwa, osati pa zofunda. Lamulo la 2011 loteteza chilengedwe linapatsa bungwe la ZEMA udindo woyang'anira mankhwala ophera tizilombo ndi kupereka ziphaso kwa ochita nawo malonda. Wopopera akabwera pakhomo panu, mufunseni chiphaso chake, dzina la mankhwala, nthawi yoti mukhale panja, ndi tsiku limene adzabwerenso. Wonena kuti ulendo umodzi ukwanira sanaganizire za mazira. Kupopera kwachiwiri kuyenera kuchitika pakapita masiku 10 mpaka 14.

Ntchito imene imathandiza

Pali chinthu chimodzi chimene nsikidzi sizinaphunzire kuchipirira, ndicho kutentha. Kutentha kopitirira madigiri 50 kumapha zazikulu, tiana ndi mazira omwe, ngati kwafika pamene zili. Chida chimenechi tili nacho kale: mbaula, poto wamkulu, ndi simbi ya makala kapena ya magetsi.

Yambani ndi nsalu. Zofunda, mashiti, zovala ndi makatani muziike m'matumba a pulasitiki muli m'chipinda momwemo, n'kumanga, kuti musamwaze nsikidzi m'njira. Panja zikhuthulireni m'beseni, thirani madzi otentha kwambiri, a madigiri 60 kapena kuposa, oti dzanja silingapirire, ndipo zikhalemo theka la ola musanachape. Zikauma zisiteni, mukudinikiza simbi m'misoko, m'makolala ndi m'matumba. Zoyerazo muziike m'matumba atsopano omanga bwino, ndipo zisabwerere m'kabati kufikira chipinda chitatha kukonzedwa.

Bedi liphwasuleni, mulitulutse. Thirani madzi owira molumikizira monse ndi m'mabowo onse, kwechani ndi burashi ndi sopo kuti mazira amatuke, kenako liume. Mphasa ithireni madzi owira mbali zonse ziwiri. Pa ntchito imeneyi ana akhale kutali, ndipo madzi asayandikire masoketi a magetsi.

Matiresi ndiwo ovuta. Tonse tinazolowera kuwayanika padzuwa, ndipo kuyanika kumathandiza kuziona ndi kuzichepetsa. Koma pamwamba pakatentha, nsikidzi zimatsikira kunsi kozizira, ndipo ngakhale kukulunga matiresi m'pulasitiki yakuda sikutenthetsa mbali zonse mokwanira. Dzuwa lidalireni pa zinthu zopyapyala monga nsapato ndi zikwama, zoikidwa zochepa m'thumba lakuda lomanga, pa simenti kapena pa lata, tsiku lonse lotentha. Matiresi avuleni nsalu yake ngati imavuka, ichapeni ndi madzi otentha, sitani misoko yonse mutayala kansalu konyowa kuti nthunzi ilowe. Kenako akulungeni m'pulasitiki yolimba, matani ndi tepi osasiya kabowo, ndipo akhale choncho chaka chathunthu. Zotsalira mkati zidzafa ndi njala, ndipo zakunja zidzasowa msoko wobisalamo. Mukaganiza zowataya, ang'ambeni kaye kuti mnzanu asawatole.

Neti isamalidwe mosiyana. Musaithire madzi owira ndipo musaisite, chifukwa mungaononge ulusi ndi mankhwala ake. Itsitseni, fufuzani misoko ndi makona, phwanyani zimene mwapeza, kwechani mazira, ichapeni pang'onopang'ono ndi madzi ozizira ndi sopo wamba, iume pamthunzi, ndipo usiku womwewo ipachikidwenso.

Kenako khoma. Matani ming'alu ndi simenti kapena dothi, tsekani mipata ya m'mafelemu a zitseko ndi mawindo, pakani laimu ngati mungathe. Chotsani mapepala omata pakhoma ndi makatoni a pansi pa bedi. Bedi lichoke kukhoma mpata wokwana dzanja, zofunda ndi neti zisakhudze pansi kapena khoma, ndipo mwendo uliwonse wa bedi uime m'kachitini kosalala kokhala ndi madzi a sopo pang'ono. Tizitini timeneti timatchinga njira, komanso timakuuzani m'mawa ngati zikadalipo. Ogona pansi, yalani pakati pa chipinda, ndipo m'mawa zofunda zisaunjikidwe pakona.

Chomaliza ndi chimene chimasiyanitsa opambana ndi olephera: bwerezani. Sabata iliyonse, tsiku lomwelo, fufuzani ndi tochi, thirani madzi otentha, chapani, sitani. Cholinga n'chakuti kamwana kalikonse koswa kafe kasanakule n'kuikira. Pitirizani kwa masabata osachepera asanu ndi limodzi, ndipo munene kuti zatha pokhapokha patadutsa miyezi iwiri osaona nsikidzi, dontho latsopano kapena kulumidwa.

Zikatha, tchingani pakhomo. Wobwera ku ulendo kapena ku sukulu, chikwama chake chiyambe chatsegulidwa panja, zovala zipite ku madzi otentha. Kogona alendo, unikani misoko ya matiresi musanagone, ndipo chikwama chisakhale pabedi. Bedi kapena sofa yogula kwa munthu ifufuzidwe masana, panja, isanalowe. Musanasamukire m'chipinda cha lendi, yang'anani ming'alu ya pafupi ndi pamene pankakhala bedi.

Chala chimodzi sichiswa nsabwe

Zonse ndanenazi banja limodzi likhoza kuzichita bwinobwino, n'kulepherabe, ngati kuseri kwa khoma kuli banja limene silinachite kanthu. N'chifukwa chake ndikutembenukira kwa inu mmodzimmodzi.

Alandilodi, nyumba ndi yanu, ming'alu ndi yanu. Wa lendi akakuuzani za nsikidzi wakuchitirani zabwino, chifukwa wakuchenjezani chipinda chimodzi chisanasanduke zisanu. Mukamukalipira kapena kumuthamangitsa, ena onse adzaphunzira kubisa, ndipo iye adzasamutsira nsikidzi ku nyumba ina, zina n'kutsalira m'khoma lanu kudikira wobwera. Itanani mabanja onse a pa pulotipo, gwirizanani tsiku, inu mugule simenti ndi laimu, iwo abweretse makala ndi manja. Funso lakuti anazibweretsa ndani lisiyeni, pakuti palibe angaliyankhe ndipo silipha nsikidzi ngakhale imodzi.

Alendi, uzani aneba anu tsiku lomwe mwaona dontho loyamba. Bwerekanani poto wamkulu ndi simbi. Pa puloti pakakhala agogo, wodwala kapena mayi wa khanda amene sangathe kunyamula bedi, achinyamata mumuthandize, chifukwa chipinda chake chikatsala, ntchito yanu yonse yapita pachabe.

Aphunzitsi, mwana wosinza ndi wokanda musamuchititse manyazi pamaso pa anzake. Muitanireni pambali, mulankhule ndi makolo. Phunzitsani ana onse maonekedwe a dzira ndi dontho, pakuti maso awo ndi akuthwa kuposa athu. Oyang'anira malo ogona alendo, magonero a ophunzira, mabasi ndi maminibasi, ikani tsiku lofufuza matiresi ndi mipando mwezi uliwonse. Atsogoleri a mipingo, mawu anu amachotsa manyazi msanga kuposa anga. Nenani pa guwa kuti nsikidzi si tchimo, si temberero, ndipo si zotumizidwa ndi munthu.

A komiti ya zaumoyo ndi a khansala, ife tikusowa malo okanena popanda kusekedwa. Alangizi a zaumoyo a pa kiliniki ndi a ku khonsolo ya Kafue ndiwo angatiuze mankhwala ovomerezeka ndi opopera odalirika, ndipo ndiwo angaletse malonda a mapiritsi akupha aja m'misika. Lembani mapuloti amene adandaula, kuti vutoli lifike ku komiti ya chitukuko ya wadi lili ndi maina a malo, ndipo mabanja osowa athandizidwe mdadada wonse nthawi imodzi.

Pempho langa n'lakuti musanagone lero, aliyense aunike msoko wa matiresi ake ndi molumikizira bedi lake. Mukapeza kanthu, mawa m'mawa gogodani pa chitseko choyandikana ndi chanu, munene mosabisa, ndipo mugwirizane Loweruka loyamba mwa asanu ndi limodzi. Mukapanda kupeza kanthu, gogodanibe, mufunse ngati pali amene akufuna manja owonjezera.